Dengu Lovundikira Nsalu Yoyera

Fungo lake linali lowawasa ngati viniga, ndipo linkatulukira pa kawindo ka bafa ya a Msiska n'kudzatipeza ife kuboyizikota. Mpaka lero ndikanunkhiza chinthu chowawasa chotero, msana umandichita tsembwe. Chinali chilimwe cha zaka zija likulu linkasamuka kuchoka ku Zomba kubwera kuno ku Lilongwe, ndipo dziko lonse linali fumbi. Fumbi lofiira psuu, lolowa m'mano, mu ufa, m'mabulangete. Akatapila ankabangula kuyambira m'mawa, nyenje n'kumawayankha m'mitengo imene inali isanagwetsedwe. Ine ndinali kamtsikana, mano akutsogolo atangogweluka, ndipo kusukulu sindinkapita. Choncho zonse zochitika pakhomopo ndinkaziona ndi maso angawa.

Mudzi wathu anali atausamutsa. Kunabwera anthu a zipewa ndi zingwe zoyezera, nakhoma zikhomo mpaka pabwalo pomwe tinkasewerera fulaye, n'kunena kuti malo ano boma likuwafuna. Abale athu ambiri anakwezedwa pamalole kupita kutali. Ababa anakana kukwera. Anapeza ntchito ya m'gadeni panyumba ina yatsopano ku Area 15, ndipo anatipatsa kachipinda kamodzi kuseri, ka simenti, ka malata olira ti, ti, ti dzuwa likakwera. Akuluakulu ankadandaula kuti malo onsewa anali ndi mayina, lero angowapatsa manambala ngati akaidi. Kuchokera kumudzi tinangotenga mtondo, miphika, mphasa ndi thadzi limodzi la kansilanga, la nthenga zoimirira ngati likumva chisanu. Thadzi limenelo linkagona pakona kumiyendo kwanga.

Eni nyumba, a Msiska, anali mwamuna wa kumpoto, wamtali, woonda, wa magalasi. Ankagwira ntchito mu ofesi yojambula mapu a misewu yatsopano. Akazi awo anali atatsalira ku Zomba kumene ankaphunzitsa, kudikira kuti sukulu zitsekere. Sanali munthu waukali, ayi, ndisawanamizire. Ngakhale ine mwana ndikawapatsa madzi ankati "yewo", ndipo Lamulungu ankaimba nyimbo za kutchalitchi kwawo akupolisha nsapato. Anaphunzira kunja, ndipo anabwerako ndi zinthu ziwiri zomwe ankazikonda ngati ana: kamera yokhazika pa miyendo itatu, ndi chibuku cholemera ngati mwana wa mbuzi. M'bukumo munali zithunzi zopenta ndi manja, zomwe azungu akalekale anajambula agogo athu asanabadwe.

Maganizo awo anali akuti zithunzi zimenezo azijambulenso ndi kamera, koma anthu ake akhale ife. Ankati tauni yatsopano ikufunika kudziona nkhope, ndipo holo ina ya ku City Centre ikadzatha, adzazipachika mmenemo. Loweruka lililonse ankatsegula bukulo pakhonde, n'kumayang'ana pepala, kuyang'ana munthu, kuyang'ananso pepala. Poyamba zinali zoseketsa. Ine anandimanga duku la buluu ndi lachikasu lomwe anagula ku Msika wa Lilongwe, nandikoleka mkanda umodzi kukhutu, n'kundiuza kuti ndicheuke ngati wina wandiitana kumbuyo. Ankafuna ndiyasamule pang'ono, ine n'kumakana chifukwa cha magweru. Amayi anawaimika pawindo la kukhitchini akutsanula thobwa m'jagi, mpaka mkono unachita dzanzi. Alonda awiri a nyumba zoyandikana anawakhazika pa bawo, m'malo mwa azungu a m'buku omwe ankasewera makadi, ndipo anakanganadi zenizeni, wina akuti mnzake waba nkhomo.

Chomwe sichinkaseketsa chinali bafa ija. Anali atamata pawindo ndi mapepala akuda, n'kusiya kampata ka mpweya, ndipo mkati munkayaka getsi lofiira ngati makala akumazima. Nthawi zina ankandiitana kuti ndizigwedeza mbale yafulati ya mankhwala. Ankaviikamo pepala loyera mbee, lopanda kanthu. Kenaka, pang'onopang'ono, pansi pa madzipo pankatuluka maso, kenaka mphuno, kenaka munthu yense, ngati womira akubwerera pamwamba. Akatero ankalisamutsira m'mbale ina, ya fungo lowawasa lija, ati kuti munthuyo akhazikike asathawe. Pomaliza ankawapachika pachingwe ndi mapegisi, anthu akudontha madzi. Ndinadziona ndekha nditapachikidwa pamenepo, nditacheuka. Akazi a m'maboyizikota ena ankanong'onezana pampopi kuti mwamuna wokhala yekha, wodzitsekera m'chipinda chofiira ndi nkhope za anthu, sangakhale wabwinobwino. Amayi ankangotunga madzi awo n'kubwerako.

Amayi anali ndi zawo zowasowetsa mtendere. Anali oyembekezera. Panalibe amene anandiuza, poti zimenezo sizinenedwa. Pakati satchula, angakhale akuonekera kutali ngati chulu. Ukatchula, ati wauza mphepo, ndipo mphepo ili ndi makutu. Ndinangoona kuti chitenje ayamba kumangira m'mwamba, mazira aleka kudya, ndipo ankandituma kukaswa dothi la chiswe pamtengo wa kuseri kwa mpanda, n'kumalikukuta atatembenukira kukhoma. Ababa ankawalanda ndowa ya madzi osanena chifukwa chake. Tonse tinkayenda mozungulira mimba imeneyo ngati mmene umazungulirira mphika wodzadza uli pamafuwa awiri.

Mantha ake anali ndi pochokera. Tikadali kumudzi, dzinja lapitalo, amayi analowa m'chikuta, m'nyumba ya agogo, ndipo sitinamve kulira kwa khanda. M'mamawa ndinasuzumira kuseri kwa nkhokwe, n'kuona amayi aakulu, akulu awo a amayi anga, ali ndi azimayi ena achikulire. Mmodzi ananyamula khasu, wina dengu lovundikira nsalu yoyera. Anayenda mwakachetechete kulowera kuchulu cha m'mphepete mwa manda, ndipo anabwerako dengu lili lopanda kanthu. Panalibe wolira, panalibe nyimbo, panalibe mwamuna. Nditafunsa, amayi aakulu ananditsina khutu, nati umenewo ndi mtayo, ndipo mtayo salira, satchula, safunsa. Mwana wobadwa wakufa amakataya azimayi okha, m'dzenje losazama, mayi wake ali gone m'nyumba. Amayi anatuluka m'chikutamo manja ali m'mbali, natenga mtondo n'kuyamba kusinja.

Ndiye Loweruka lina, dzuwa likuswa mtengo, a Msiska anaitana ababa ndi amayi pakhonde. Ine ndinali pambali pa amayi nditagwira chitenje chawo. Bukulo linali lotsegula. Pachithunzipo panali munda wafulati wopanda mtengo, dzuwa likulowa. Mwamuna anali ataima, chipewa chili m'manja, mutu utawerama. Mkazi anali ataima moyang'anizana naye, manja atawagwirizanitsa pachifuwa, nayenso atawerama. Pambali panali chokumbira chozikidwa m'nthaka, ndi wilibala. Pakati pawo, pansi, pamene onse awiri ankayang'ana, panali dengu.

"Awa akupemphera," anatero a Msiska, chala chili papepala. "Amva belu la kutchalitchi ali kumunda, ndiye aima kuthokoza Mulungu chifukwa cha mbatata. A Lekisoni, inu mukhala uyu. Amama, inu uyu. Koma mbatata n'zakuda, sizidzaoneka dzuwa likapendeka. Dengulo tidzalivundikira ndi nsalu yoyera."

Ndinamva mwendo wa amayi ukuuma gwa m'chitenjemo. Ababa anayang'ana pansi, nakanda kumutu, n'kunena kuti, "Chabwino, bwana."

Madzulo ake chakudya chinazizira m'mbale. Ankayankhula chapansipansi, poti khoma la boyizikota linali lopyapyala.

"Mwavomeranji, bambo a Eze? Maso mulibe?"

"Ndi mbatata, Nachisale. Anena okha kuti ndi mbatata."

"Mbatata amaivulira chipewa? Munaona kuti mbatata yoweramiridwa chotero?"

"Ndiye pita ukawauze wekha."

"Ndikawauze chiyani? Mwamuna, mlendonso, ndikamumasulire za m'thupi mwanga? Kapena ndikamuuze zija za kuchulu?"

"Nanga ine ndikakane bwanji popanda chifukwa? Akatichotsa muno tikagona kuti? Pamsewu uja wadutsa pabwalo pathu?"

Thadzi linadzikung'untha pakona paja.

Mkati mwa sabata amayi ananditenga kupita ku Msika wa Lilongwe, wapansi, kutsikira kumlatho wa ku tauni yakale. Amayi aakulu ankagulitsa nyemba ndi chidulo kumeneko, poti nawonso anakana lole. Msikawo unkanunkha usipa, palafini ndi nsalu zatsopano, ndipo osula zidebe ankagogoda mpaka makutu kulira. Apachibale awiriwo anakhala kuseri kwa matumba, mitu itagundana. Ine ndinkanamizira kusankha nyemba zofumbwa.

"Dengu lili ndi njala, mng'ono wanga," anatero amayi aakulu. "Ukaliweramira lili chivundikire, ukuliuza kuti dikira, chako chikubwera. Amenewo ndi malodza odziitanira wekha."

"Nditani tsono, akulu?"

"Udwale tsiku limenelo."

"Adzadikira ndichire. Munthuyo ngoleza mtima."

Amayi aakulu anafuna kuyankha, koma anandiona. "Iwe, makutu ngati lichero! Pita ukaone nsomba uko."

Ndinapita, koma mawu aja ndinapita nawo. Dengu lili ndi njala. Ndinawatafuna njira yonse yobwerera, ndipo masiku otsatirawo china chilichonse chinkandiopsa. Kamvuluvulu anadutsa pakhomo n'kunyamula nsalu yoyera ija pachingwe, pomwe amayi anaiyanika atachapa, naiponya pa mpanda. Dengu lenilenilo a Msiska analigula latsopano, n'kuliika pakhonde, kukamwa kuli yasa, kuyang'ana kuboyizikota kwathu. Ndinkalilambalala. Ndinkaganiza kuti kamera ikadzalira, mwana adzachoka m'mimba mwa amayi n'kulowa m'dengumo, monga mmene nkhope zathu zinkachokera pa ife n'kukapezeka m'madzi. Ndiye nzeru ya mwana inandibwerera. Mayi akakhala pampando, mlendo sakhalaponso. Ngati m'dengumo mudzakhala kale wina, wamoyo, wopuma, malo a mwana wathu sadzapezeka.

Tsikulo litafika, ababa anatsogola wapansi akukankha wilibala ndi khasu, poti m'galimoto sizikanakwana. Itatha nkhomaliro, a Msiska anandiuza kuti ndiike mbatata ya kachewere m'dengu, ndivundikire bwino, ndikaike kubuti. Ndinaikamo mbatata. Kenaka ndinagwira kansilanga uja, ndinamumanga miyendo ndi luzi, n'kumugoneka pamwamba pake. Ndinamunong'oneza kuti akhale phee, tikabwerako ndimupatsa madeya. Nkhuku ikakhala mumdima imakhala chete. Ndinavundikira nsalu, ndinazunguliza luzi m'mphepete, ndipo a Msiska anatseka buti, phaa. Koma sitinanyamuke. Kunabwera anzawo a kuofesi ndi mapu opindapinda, nakhala pakhonde akukambirana mu Chingerezi. Galimoto inali padzuwa. Ndinakhudza chitsulo chake n'kubweza dzanja msanga. Ndinkafuna kutsegula, koma makiyi anali m'thumba mwa eni ake, ndipo ndikanati chiyani?

Tinanyamuka dzuwa litapendeka. Amayi anakhala kumbuyo ndi ine, atavala siketi yaitali ndi epuloni yomwe a Msiska anawapatsa, yobisa mimba. Tinadutsa misewu yotakasuka yopanda nyumba, yothera m'tchire, milu ya njerwa, mapaipi aakulu oti mwana n'kuyendamo chiimire. A Msiska ankafotokoza mokondwa kuti apeza malo afulati ngati a m'buku muja, ndipo kumbuyo, pomwe azungu anaika nsanja ya tchalitchi, padzaoneka maofesi a boma akukwera. Anaimika galimoto pa dambo la dothi lofiira, lopalidwa ndi akatapila mpaka osatsala ndi udzu womwe. Ababa anali ataima pamenepo ndi wilibala yawo. Nkhope yawo sinali bwino, ndipo sanayang'ane amayi.

Ine sindinazindikire msanga. Panalibe nyumba, panalibe nkhokwe, panalibe njira ya kuchitsime. Koma chakumanja kunali kachilumba ka mitengo yakuda bii, yowirira, yomwe akatapila anaizungulira osaikhudza. Anali manda athu. Manda a akuluakulu anawasiya, poti anali ndi mitumbira yooneka. Chulu chija cha m'mphepete anali atachidula, n'kutsala chibwanthu chofiira, chosalala ngati chipsera. Mtayo ulibe mtumbira, ndiye ndani akanauza woyendetsa katapila kuti apa palambalale? Amayi anatsika m'galimoto, nayang'ana mitengo ija, nayang'ana chibwanthu chija. Milomo yawo inachita mbuu. A Msiska anayenda n'kukaima pafupi penipeni ndi pomwe panali chulu, nagogoda pansi ndi nsapato.

"Apa," anatero. "Kuwala kwake kuli bwino apa."

Ananyamula dengu okha n'kukaliika pamenepo. Anazika khasu, nakankhira wilibala kumbuyo kwa amayi. Anawongola zigongono za ababa, nawauza kuti chipewa achigwire pamimba, aweramitse mutu. Amayi anawauza kuti agwirizanitse manja, ayang'ane dengu. Kenaka anabwerera ku kamera yawo, nawerama, diso limodzi atatsinzina. Ine ndinaima pambali pa galimoto, maso ali pansalu yoyera. Ndinkadikira kuti igwedezeke ngakhale pang'ono, ndidziwe kuti malo ndi otenga. Sinagwedezeke. Akatapila anali ataweruka, ndipo kunali zii, moti nyenje za m'manda muja zinkamveka ngati zili m'mutu mwanga. Zithunzithunzi za makolo anga zinatalika pa dothi lofiira mpaka kufika kumapazi anga.

"Musapume," anatero a Msiska. Kamera inalira, kete. Inaliranso.

"Yewo, yewo chomene. Tamaliza."

Ababa anavala chipewa msangamsanga. Koma amayi sanaweramuke. Anali akuyang'anabe dengu, ndipo ndinadziwa kuti aona chomwe ine ndinkachiona: nsaluyo sinagone ngati pa mbatata. Inali ndi kamsana, ndi kamutu. Anagwada movutikira, dzanja lina lili pansi, namasula luzi, n'kuvundukula. Kansilanga anali gone chammbali, mlomo uli yasa, maso atatseka ndi kakhungu koyera kaja. Nthenga zake zoimirira zinali zitagona. Anali atafa kale, mwina tikadali kunyumba.

A Msiska anadzidzimuka. "Nkhuku iyi yalowamo bwanji?"

Ndinayamba kulira. "Ndimafuna malo akhale otenga," ndinatero. "Kuti dengu lisa…" Amayi ananditembenukira, ndipo mawu otsalawo ndinawameza. Ndinkayembekeza khofi. Koma anangondiyang'ana nthawi yaitali, ngati akundiona koyamba.

Kenaka anaimirira, nazula khasu lija. Ababa anatambasula dzanja kuti awalande, amayi anapukusa mutu. Anakumba pomwepo, pambali pa chibwanthu cha chulu, dzenje losazama. Dothi linali louma ngati njerwa, ndipo khasu linkalira ngati likugunda mwala. Anakulunga thadzilo m'nsalu yoyera ija, osati mmene umanyamulira nkhuku, ayi. Anapinda bwinobwino, kumiyendo, m'mbali, kumutu, nalinyamula m'manja awiri. Atagoneka m'dzenjemo anakwirira ndi manja, n'kumasalaza, kusalaza, kusalaza. Pamenepo ndi pamene mawu anatuluka. Sindinawamvepo amayi akulira chotero, ngakhale pa maliro a agogo aamuna. Kunali kulira kochokera pansi pa mimba, kopanda mawu ake, ndipo kunakagunda m'mitengo ya m'manda n'kubwerera.

Ababa anayamba atembenuka kupereka msana, monga amachitira amuna. Anaima chotero pang'ono. Kenaka anatembenukanso, nayandikira, navula chipewa chija popanda wowauza. A Msiska anali ndi kamera pafupi, filimu ikadalimo, kuwala kukadalipo. Sanaikhudze. Anavula magalasi, n'kumawapukuta ndi shati kwa nthawi yaitali kuposa mmene magalasi amafunira.

Dengu ndi mbatata zinatsala konko, ndipo palibe amene anazifunsa. Masiku otsatirawo kunatentha ngati dziko likufuna kuphulika. Mitambo inkaunjikana chakum'mawa masana, n'kubalalika osagwetsa kanthu. Amayi anatupa miyendo, ndipo ankagona pamphasa pakhomo dzanja lili pamimba, akumvetsera. Ine ndinkawayang'ana kumaso kuti ndidziwe ngati amva kanthu. Pakona paja pogona kansilanga panali pululu. Ndinkadzifunsa ngati dengu linakhuta ndi nkhuku, kapena linangolawa.

Loweruka lotsatira a Msiska anandiitana ku bafa. Sindinkafuna, koma mwana sakana. Getsi lofiira linayaka, pepala linalowa m'madzi, ine n'kumagwedeza mbale. Kunatuluka mzere wa dambo. Kunatuluka khasu, wilibala, ababa ndi chipewa chawo, amayi atawerama. Epuloni ija sinabise kanthu. Dzuwa linali kumbuyo kwawo, ndipo mimba inaonekera yonse. Pakati pawo panatsala poyera mbee, kansalu kokhala ndi kamsana ndi kamutu. A Msiska anawerama mpaka magalasi anatsala pang'ono kukhudza madzi. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Chiuta wane," anatero chapansipansi. Kenaka anandifunsa, osandiyang'ana, "Ezelina, malo aja munkawadziwa?"

"Ndi kwathu."

"Ndipo amama wako…"

"Sitinena," ndinatero.

"Eya. Kwathunso sitinena."

Sanalisamutsire pepalalo m'mbale yokhazikitsa anthu ija. Anatambasula dzanja n'kuyatsa getsi loyera. Maso anga anathobwa, ndipo nditaphethira ndinaona chithunzi chikuda. Thambo linada, dambo linada, ababa ndi amayi anayamba kumira mumdima kuyambira kumiyendo. Chomalizira kuzimirira chinali kansalu koyera kaja. Ndinakuwa, n'kuthamanga kupita kuboyizikota, poti ndinkaganiza kuti ndikapeza mphasa yopanda munthu. Ndinapeza amayi akusankha nyemba. Ndinawakumbatira m'khosi mpaka anandikalipira kuti ndikuwatentha.

Kuyambira tsiku limenelo bukulo silinatulukenso pakhonde. A Msiska anayamba kubwera kunyumba masana aliwonse, ati kudzadya nkhomaliro, chikhalirecho kale ankadyera kuofesi. Galimoto ankaiimika itayang'ana kugeti. Amayi aakulu anatseka malonda awo n'kudzakhala nafe, ndipo bwana sanafunse kuti mlendoyu wadzatani. Ankangowapatsa moni wa ulemu, n'kuponya diso kumphasa.

Chizimalupsa inagwa tsiku lina masana, ndi mphepo yozula malata. Fumbi lonse lija linasanduka phala lofiira loyenda m'misewu. Mkati mwa mvulayo amayi anagwira mwendo wa tebulo, naluma chitenje. Amayi aakulu ananditulutsa panja, naima pakhomo akuyang'ana kunyumba yaikulu, osadziwa kuti akayambe bwanji kuuza mwamuna. Sanafunike kuyamba. A Msiska anatulukira pakhonde ndi ambulera, makiyi ali m'manja, nayankhula akuyang'ana kumwamba.

"Ine ndikupita kutauni kukagula mabatire. Ngati pali wofuna kukwera, malo alipo."

Anapita nawo kuchipatala cha kutsidya kwa mlatho. Ine ndinatsala ndi ababa. Mvula itakata, ababa anatenga chikwanje n'kumadulira mpanda womwe anali ataudulira dzulo lake. Inswa zinatuluka, ana a m'maboyizikota ena n'kumathamangitsana nazo, koma ine ndinakhala pageti, miyendo ili m'matope. Chomwe ndinkaopa kuona chinali chimodzi: amayi aakulu akubwera wapansi, mwakachetechete, atanyamula kanthu kovundikira.

Anabwera m'mawa mwake, pagalimoto, manja ali opanda kanthu. Anatsika pang'onopang'ono, nakonza chitenje, nayang'ana ababa.

"Alamu, kagwireni ntchito, mukuimiranji ngati chitsa? Kwabwera mlendo wotunga madzi. Pakamwa pake ngati pa mayi wake, chipatala chonse sichinagone."

Ababa anakhala pansi pomwepo, pamatope. Ngakhale zinali choncho, panalibe amene anasangalala mokweza kufikira mchombo utagwa ndipo mwana atatulutsidwa. Anali kamwana kochepa, kofiira, kaukali. Ndi mng'ono wanga Tiyanjane ameneyo, yemwe lero ali ndi zidzukulu zake, ndipo pakamwa pake sipanasinthe. Zithunzi zina zija anakazipachikadi ku City Centre, akuti anthu a mataye ankaima pa chithunzi changa chija n'kumaseka magweru anga. Cha kudambo chija palibe anachiona, kupatula ine ndi a Msiska. Malo aja lero pali phula, anthu amaimikapo magalimoto.

Kwa zaka zambiri ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti kansilanga ndiye anagula moyo wa Tiyanjane, kuti dengu linadya nkhuku n'kukhuta, ndipo kulira kwa amayi kunali kwa mantha pa mwana amene anali m'mimba. Ndinadzamva bwino nditakula, nditalowa ndekha m'chikuta n'kutulukamo manja ali m'mbali, azimayi atapita m'mamawa osanditenga, aliyense akundiuza kuti usalire, si munthu ameneyo. Nkhuku imafa ikatsekeredwa m'buti pachilimwe, zimenezo n'zosachita kufunsa. Koma amayi anga anali atasenza maliro chaka chonse opanda powatula, poti mwambo unawakaniza kulira, kukumba ndi kuona pomwe mwana wawo anagona. Kulira nkhuku palibe mwambo woletsa. Ndiye tsiku lija anakumba okha, anakulunga okha, analira mpaka kukhuta, ndipo bambo wa mwanayo anaima pambali pawo chipewa chili m'manja.